Cholinga chimene simungachilephere si cholinga

Funso lachokera kwa mayi wina amene ndi mlangizi wamkulu wa zaumoyo pachipatala china chaching'ono cha m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota. Akuti anapatsidwa ntchito yolemba gawo la malungo mu pulani ya chaka ya chipatala chawo. Analemba zolinga zitatu: kuthetsa malungo m'dera lawo pofika 2030, kugawa maneti kwa amayi oyembekezera ndi ana, ndi kuphunzitsa anthu m'midzi za kuopsa kwa malungo. Pepalalo linabwerako kwa abwana awo litakhwatchidwa ndi cholembera chofiira, pamwamba atalemba kuti izi si zolinga. Mayiwa akufunsa kuti: "Nanga zolinga ndiye ziti? Ndalakwitsa pati, poti zonsezi n'zimene timachita, komanso n'zimene boma limanena?"

Mayi, abwana anuwo sananame, kungoti akanachita bwino kukhala nanu pansi n'kukulongosolerani m'malo mongokhwatcha. Musataye mtima ayi. Mapepala otere ndawaona ambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, ndipo loyamba kuliona linali langa lomwe.

Tiyeni tiyese chonchi. Yerekezani kuti chaka cha pulaniyi chafika kumapeto, uno ndi mwezi wa Malichi, mwakhala pabenchi ndi a komiti ya chipatala, agulupu ali pomwepo. Wina wafunsa kuti, kodi zija munalonjeza zachitika kapena ayi? Pa kuphunzitsa anthu mudzati eya, tinaphunzitsa, ngakhale unali msonkhano umodzi wokha pansi pa mtengo wa mango pomwe panabwera anthu khumi ndi awiri. Pa maneti mudzati tinagawa, ngakhale ena mwa manetiwo ali kudimba akutchinga nkhuku kuti zisajomphe mpiru. Palibe angakutsutseni, ndipo vuto lagona pomwepo. Cholinga chenicheni ndi chimene mungathe kuchilephera, anthu n'kuona ndi maso kuti mwalephera. Chimatchula chimene chisinthe pa anthu, pamene chili lero, pamene mukufuna chifike, m'dera liti, ndi tsiku lodzawerengera.

Chiganizo chanu choyamba munachitenga ku boma, ndipo n'zoona kuti ndondomeko ya dziko ya 2023 mpaka 2030 ikufuna kuti pofika 2030 malungo asakhalenso vuto lalikulu pa umoyo wa Amalawi. Amenewo ndi masomphenya a dziko lonse. Mawu oti kuthetsa anawayesapo kale akuluakulu: mu 1955 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linayamba kampeni yothetseratu malungo pa dziko lapansi modalira kupopera mankhwala ophera udzudzu a DDT, ndipo mu 1969 linaisiya, mbali yaikulu ya Africa isanafikidwe n'komwe. Atsogoleri a mayiko a mu Africa atakumana ku Abuja mu Epulo 2000 analankhula mwa mtundu wina. Anati pofika 2005, odwala malungo 60 mwa 100 alionse azilandira mankhwala oyenera pasanathe maola 24, ndipo ana aang'ono ndi amayi oyembekezera 60 mwa 100 azitetezedwa ndi zinthu ngati neti. Mayiko ambiri sanafikepo, koma kulepherako kunawerengeka, aliyense anadziwa kuti watsala ndi mtunda wotani. Ndondomeko yathu ya 2017 mpaka 2022 inalembedwa m'njira yomweyo: odwala achoke pa 386 mwa anthu 1,000 alionse, monga zinalili mu 2015, afike pa 193, ndipo imfa zichoke pa 23 zifike pa 12 mwa anthu 100,000. Muone kuti muli pochokera, pofikira ndi chaka.

Inu ndi alangizi anzanu simungathetse malungo pa dera la chipatala chimodzi. Udzudzu sudziwa malire a gulupu, ndipo asodzi lero ali pagombe panu, mawa ali ku Senga Bay, mkuja ku Likoma. Chiganizo chija chilembeni pamwamba pa pepala ngati mutu wa nkhani, koma musachiwerengere pa zolinga.

Musanalembe nambala iliyonse, katengeni makaundula. Ndikunena aja a zikuto zothothoka amene ali pa shelefu kuseri kwa chitseko, ena chiswe chitawalawa m'mphepete: wa odwala oyendera, wa kusikelo ya amayi, ndi a zipatala za m'midzi amene alangizi amasunga m'mabokosi awo. Malipoti amene munatumiza mu DHIS2, kaundula wa pakompyuta wa unduna wa zaumoyo, muwatsegulenso, koma muziwayerekeza ndi kaundula, paja lipoti limalembedwa kumapeto kwa mwezi ndi munthu wotopa. Tengani zaka zitatu zapitazi, mwezi ndi mwezi. Anayezedwa ndi angati, anapezeka nawo ndi angati, mwa iwo ana osakwana zaka zisanu ndi angati, amene anatumizidwa kuchipatala chachikulu atakomoka kapena magazi atawathera ndi angati, ndipo amachokera midzi iti. Ntchito imeneyi imadya masana awiri kapena atatu, n'chifukwa chake ambiri amaidumpha n'kungokopera nambala za dziko. Nambala za dziko n'zabwino kuzidziwa: kafukufuku wa malungo anapeza tizilombo m'magazi a ana 43 mwa 100 alionse mu 2010, ana 24 mu 2017, ndipo mu 2021 sanakwane 11. Koma nambala imeneyo yasakaniza mwana wa ku Area 47 ku Lilongwe ndi mwana wogona m'mbali mwa nyanja ya Chia. Mukayambira pa iyo mudzakhala ngati munthu woyeza nsalu ya mwana wake pa thupi la mwana wa neba.

Pali dzenje lina limene ambiri timagweramo, la chiwerengero cha anthu a m'dera. Nambala yochokera ku kalembera wa 2018 ndi imene alangizi mumapeza mukayenda khomo ndi khomo kawirikawiri sizigwirizana, makamaka kumagombe ndi kufupi ndi minda ya nzimbe ku Dwangwa, kumene anthu amabwera ndi kupita motsatira nyengo. Sankhani imodzi, lembani pa pepala kuti mwagwiritsa ntchito iti, ndipo musaisinthe pakati pa chaka. Mukaisintha, malungo adzatsika pa pepala udzudzu ngakhale umodzi usanafe.

Tsono za kusanja. Mlimi wa mpunga ku Bua akati chaka chatha ndinapata matumba 20, chaka chino ndikufuna 28, ameneyo watchula zokolola. Kuti afikepo pafunika kuti mbande ziwokeredwe pa nthawi yake ndipo madzi asaphwe m'munda. Pansi pa zimenezo mpamene pali kugula feteleza ndi kupeza aganyu. Mizere itatu: zokolola, mmene munda uyenera kuonekera, ndi ntchito za manja. Inu munalemba ntchito za manja ziwiri ndi loto limodzi, mzere wapakati munaudumpha. Zokolola zathu ife ndi ana amene sanadwale ndi amene sanafe. Koma pa chipatala chimodzi imfa zolembedwa zimakhala zochepa, moti zikachoka pa zinayi kufika pa ziwiri simungadziwe ngati ndi ntchito yanu kapena mwayi chabe, komanso ana ena amatsirizikira kunyumba kapena panjira osalowa mu kaundula. Choncho zolinga zanu zikhale pa mzere wapakati uja, pamene dzanja lanu likufika.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi kuchedwa. Malungo a kuno pafupifupi onse ndi a kachilombo ka falciparum, kamene kamatha kusandutsa kutentha thupi kwa Lolemba kukhala kukomoka kwa Lachitatu. Mwana amene wabayidwa chala n'kuyamba mankhwala a LA pasanathe maola 24 kawirikawiri safika pamenepo. Ndiye funsani kuti mwa ana otentha thupi amene amafika kwa inu, ndi angati amafika tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Ngati kaundula alibe danga limenelo, jambulani mzere ndi rula, muzifunsa mayi aliyense kuti thupi layamba liti kutentha. Pakatha mwezi mudzakhala ndi poyambira. Tiyerekeze kuti mwapeza 35 mwa 100. Cholinga chikhoza kulembedwa motere: ana osakwana zaka zisanu otentha thupi amene akuyezedwa pasanathe maola 24 achoke pa 35 afike pa 50 mwa 100 alionse, m'midzi yonse ya dera lathu, pofika pa 31 Malichi. Pansi pake mpamene padzabwere kuphunzitsa anthu kwanu kuja, koma kutasintha nkhope, chifukwa mukafunsa chimene chinawachedwetsa mudzamva zosiyanasiyana. Wina anagula panado pagolosale n'kumadikira kuti aone kaye. Wina bambo anali kunyanja, ya kabaza panalibe. Wina mtsinje unadzaza. Wina anapita kuchipatala cha m'mudzi n'kupeza chotseka, mlangizi ali ku msonkhano kuboma. Pa zinayi izi, chimodzi chokha n'chimene chiphunzitso chingakonze. Zinazo zikufuna thumba la ndalama za mayendedwe pamudzi, ndandanda ya masiku otsegula yomatidwa pachitseko, ndi mankhwala okwanira m'bokosi la mlangizi wa kutsidya mvula isanayambe.

Za amayi oyembekezera sindichulukitsa, poti kaundula wa sikelo amanena yekha. Malawi linali dziko loyamba mu Africa kusiya kolorokwini n'kutenga Fansidar mu 1993, ndipo ngakhale mu 2007 tinasamukira ku LA pochiza, Fansidar anatsala kusikelo kuti aziteteza mayi ndi mwana wosabadwa. Amafunika kumwedwa katatu kapena kuposa apo, kuyambira mimba itakwana masabata 13, motalikirana mwezi, mayi akumwera pamaso pa anamwino. Koyamba amamwa ambiri. Kachitatu mpamene pamagwa anthu, chifukwa ambiri amayamba sikelo mimba itakula kale, ena poibisa. Cholinga chikhale pa kachitatu. N'chimodzimodzi ndi katemera wa malungo, amene Malawi linali loyamba kumupereka kwa ana mu Epulo 2019: ngati wafika pachipatala panu, werengani wachinayi, amene amabwera mwana akuyandikira zaka ziwiri mayi atazolowera kale kukhala kunyumba.

Pa maneti ndikhalitsapo, chifukwa mpamene timadzinamiza kwambiri. Kugawa ndi chiphweka kuwerenga: mabelo abwera, mayina alembedwa, zala zadindidwa. Koma neti imateteza munthu amene wagonamo usiku wathawu, osati amene anasainira. Ndinalowapo m'nyumba ina pafupi ndi gombe mwezi wa Novembala, kunja kukutentha moti malata ankalira okha. Neti inali yomangidwa bwino pamwamba pa bedi la makolo. Ana anayi ankagona pamphasa pabalaza pomwe masana pamakhala mbale ndi njinga, ndipo neti yawo inali ikadali mu pepala lake, pamwamba pa khoma. Mayi wa m'nyumbamo sanali mbuli. Anandiuza kuti pabalazapo palibe pokoleka, ndipo kuimanga madzulo alionse n'kuimasula m'mawa n'chintchito. Nyumba yoyandikana nayo inali ndi anthu asanu ndi awiri, neti imodzi yokha, yong'ambika. Mukadutsa ndi fomu yofunsa kuti kodi muli ndi neti, nyumba zonse ziwiri zidzati eya. Komatu matenda awo ndi osiyana. Yoyamba ikufuna misomali iwiri, chingwe ndi munthu woti awaonetse. Yachiwiri ikufuna maneti, poti muyezo wa boma pogawa ndi neti imodzi pa anthu awiri, ndipo kuwaphunzitsa anthu amenewa kugona mu neti imene alibe n'kuwanyoza.

Choncho muwerenge zinthu ziwiri padera: makomo amene ali ndi maneti okwanira, ndi ana amene anagona mu neti usiku wapitawo. Alangizi asankhe makomo mwamaere, osati a m'mbali mwa msewu okha, alowe m'nyumba aone ndi maso. Funso likhale lakuti dzulo usiku mwanayu anagona pati, osati kodi mumagona mu neti, chifukwa Mmalawi safuna kukhumudwitsa mlendo. Za kuphera usipa ndi matemba m'maneti mukuzidziwa kuposa ine. Ndingonena kuti imeneyo ndi nkhani ya njala ndi malamulo a pagombe, ndipo mukafuna kuiika mu pulani muiike pamodzi ndi mafumu ndi makomiti a asodzi, isakhale pa mutu wa mlangizi yekha.

Nkhotakota ili ndi phunziro lake pa zinthu zimene sizili m'manja mwanu. Kupopera mankhwala m'nyumba kunayamba kuno mu 2007 ndi thandizo la boma la America, ndipo mu 2010 kunafika ku Salima. Pasanapite nthawi zinadziwika kuti udzudzu wa mtundu wa funestus, umene umafalitsa malungo kwambiri m'mbali mwa nyanja, sunkafanso ndi mankhwala amene ankagwiritsidwa ntchito poyamba. Anasintha mankhwala, atsopanowo anali odula ndipo mphamvu yake sinkakhalitsa pakhoma, moti ntchitoyo inaima mu 2012. Inadzayambiranso ku Nkhotakota mu 2018. Munthu amene anamanga zolinga zake zonse pa opopera anatsala manja ali m'khosi kwa zaka zingapo. Kuti kupoperedwe kapena ayi zimagamulidwa ku Lilongwe ndi kwa opereka ndalama, ndipo mu 2025 tonse tinaona mmene thandizo lakunja lingaimire mwadzidzidzi. Ngati dera lanu lili pa mndandanda wa kupopera chaka chino, gawo lanu ndi lakuti makomo atsegule zitseko, poti opopera amafuna nyumba zosachepera 85 mwa 100 kuti ntchito iphule kanthu, ndiponso kuti anthu asazire makoma mankhwala akangopoperedwa. Zimenezo mukhoza kuzilonjeza.

Funestus yemweyu ndiye chifukwa chake sindikulimbikitsani kuika kutchetcha udzu ndi kukwirira zithaphwi pa zolinga za malungo, ngakhale ndikudziwa kuti mu pulani iliyonse zimalowa. Udzudzu umenewu umaswana m'madzi okhalitsa okhala ndi zomera, m'madambo ndi m'mphepete mwa mabango, n'chifukwa chake kuno malungo satheratu ngakhale m'chilimwe. Dambo simungalikwirire ndi khasu. Kusesa pakhomo n'kwabwino pa zifukwa zina, anthu apitirize, koma musayembekeze kudzakuona mu kaundula wa malungo.

Nanga mulonjeze zochuluka bwanji? Yang'anani mmene nambala yayendera zaka zitatu zija, muone chimene chilipo chatsopano chaka chino: mlangizi woonjezera, njinga, chipatala cha m'mudzi chatsopano. Ngati palibe chatsopano, musalembe kuti 35 adzafika pa 90. Nambala ya 100 mwa 100 imakoma m'makutu a alendo ochokera kulikulu, koma alangizi anu akaiona amadziwa kuti ndi nthabwala ndipo saivutikira. Ikhale yoti akaimva adandaule pang'ono, kenako ati tiyese.

Konzekaninso kuti nambala zidzakupusitsani. Mukatsegula chipatala cha m'mudzi kutsidya kwa mtsinje, odwala malungo olembedwa adzakwera, chifukwa ana amene ankadwalira kunyumba ayamba kuoneka. Kukwera kumeneko ndi nkhani yabwino, ndipo mulembe pasadakhale mu pulani kuti mukukuyembekezera, kuopa kuti wina kuboma angadzakuloseni chala. Chaka cha mvula yambiri sichifanana ndi cha ng'amba. Febuluwale muzimuyerekeza ndi Febuluwale mnzake, osati ndi Ogasiti. Ine zinandigwerapo: chaka china tinalemba kuti tichepetsa odwala malungo, ndipo pofika Epulo nambala inatsikadi. Tinaombera m'manja pamsonkhano, wina mpaka anagula zoziziritsa kukhosi. Patapita milungu, mnyamata wina wa mu labu anandionetsa khadi la katundu. Zoyezera malungo zinali zitatha kwa miyezi iwiri pakati pa dzinja, anthu ankangopatsidwa mankhwala kapena kubwezedwa osalembedwa ngati a malungo. Kuyambira pamenepo nambala ya odwala sindiiwerenga yokha. Pambali pake ndimaika anthu amene anayezedwa, ndi masiku amene LA kapena zoyezera zinatha. Masiku amenewo ndi cholinga chabwino pachokha. Katundu amachokera kutali, inde, koma kutumiza lipoti pa nthawi yake ndi kugawira alangizi dzinja lisanatseke misewu zili m'manja mwanu.

Mukayamba kulemba, mudzafuna kuika zonse: kuchedwa, Fansidar, maneti, katemera, kupopera, ana asukulu, asodzi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chipatala chaching'ono chisenze zitatu, zikachuluka zinayi, zimene makaundula anu aonetsa kuti mpamene pakuthawira ana. N'kutheka kuti kwanuko Fansidar akuyenda bwino kale ndipo vuto lili pa midzi iwiri ya kutsidya. Zikatero cholinga chitchule midzi iwiriyo ndi mayina. Pambali pa chilichonse lembani udindo wa munthu mmodzi amene adzayankhe, osati "tonse", komwe nambala idzachokere, ndi masiku oti muzikhala pansi pakatha miyezi itatu iliyonse.

Musanalibweze kwa abwana pepalalo, kaliwerengeni mokweza pamsonkhano wa komiti ya chipatala, m'Chichewa, osati m'Chingerezi cha pa fomu. Mayi wa mu komiti amene amayanika usipa pathandala adzakuuzani ngati 50 uja ndi wotheka mu Febuluwale mtsinje utasefukira, ndipo agulupu adzanena ngati thumba la kabaza lingakhazikitsidwe anthu asanakolole. Akatsutsa nambala, ikonzeni pomwepo ndi pensulo. Kuyenda m'makomo kowerenga maneti kuja mukuike kawiri pa kalendala, kumayambiriro kwa Disembala ndi kumapeto kwa Febuluwale, ndipo mafuta a njinga ya moto a masiku amenewo muwalembe mu bajeti panopa.